Kwa achimwene amene mwafunsa ngati munthu wophunzira angakhulupirire Yesu

Imelo imene ndalandira sabata yatha yandisowetsa tulo. Mnyamata wina amene wangomaliza kumene ku yunivesite akuti anzake akumukokera kutchalitchi, koma mtima wake ukukana. Akufunsa kuti munthu wanzeru zake angavomereze bwanji zoti wakufa anauka, komanso ngati Chikhristu si chipembedzo cha azungu chimene anabwera nacho kudzatiphimba m'maso. Achimwene, ndikuyankhani pano pagulu chifukwa mafunso anuwo ndinagona nawo zaka zinayi.

Ine ndinakulira m'tchalitchi. Sande sukulu, kalasi, kwaya, monsemo ndinadutsamo. Chimene chinandichotsa si mabuku ayi, ndi imfa ya mchemwali wanga. Atadwala nthawi yaitali, tinapita naye kwa munthu wina wodzitcha mneneri. Anatigulitsa kabotolo ka madzi, n'kutiuza kuti wodwalayo asiye mankhwala akuchipatala poti kumwa mankhwala n'kukayikira Mulungu. Amayi anagulitsa mbuzi ziwiri ndi chimanga cha m'nkhokwe. Itatha miyezi itatu tinamuika m'manda, ndipo uthenga umene tinalandira kuchokera kwa munthu uja unali wakuti chikhulupiriro chathu chinachepa. Ndinawaona amayi atakhala kuseri kwa nyumba, manja ali m'mutu, akudziimba mlandu wopha mwana wawo. Ndinalumbira kuti phazi langa silidzapondanso pakhomo pa tchalitchi.

Koma pamaliro omwewo panachitika chinthu china chimene chinakana kuchoka m'mutu mwanga. Amayi a Mvano anafika kukada, nkhuni pamutu, ufa m'mabeseni. Anayala mphasa m'nyumba ya siwa n'kuimba mpaka atambala kulira. Gogo wina, amene ngakhale dzina sindimawadziwa, ananyamula mapazi a amayi anga otupa aja, kuwaika pamiyendo pawo, n'kumawasisita usiku wonse. Sanalalikire, sanafunse ngakhale tambala imodzi. Zaka zonse zimene ndinkanyoza tchalitchi pakati pa anzanga, ndikangokumbukira manja a gogo aja, mawu ankandithera. Onse awiri, mneneri uja ndi gogoyu, ankatchula dzina la Yesu. Ndinafuna kudziwa kuti wofanana ndi mwini dzinayo ndi uti, ndipo n'chimene chinanditsegulitsanso Baibulo.

Ndinene mosapsatira: aliyense wogulitsa madzi, mafuta kapena pemphero m'dzina la Yesu ndi wakuba, ndipo woletsa wodwala mankhwala ali ndi magazi m'manja. Pa Machitidwe 8, Simoni wamatsenga atafuna kugula mphamvu ya Mulungu, Petro anamuuza kuti awonongeke pamodzi ndi ndalama zakezo. Achinyamata ambiri amene amati sakhulupirira, ndikamacheza nawo ndimapeza kuti chimene akana ndi malonda amenewa. Yesu weniweniyo sanamuwerengepo n'komwe. Zimandiwawa kuti ife akhristu timaopa kudzudzula zimenezi poyera.

Za azunguzo, ndikumvetsani. Amishoni ena anadyeradi mbale imodzi ndi atsamunda, ndipo palibe chifukwa chobisira. Komatu m'mutu 8 womwewo muli nduna ya ku Ethiopia imene inabatizidwa m'mbali mwa msewu. Mfumu Ezana ya ku Aksum, ufumu wakale wa ku Ethiopia komweko, inalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300, zaka zoposa 1,500 David Livingstone asanaione nyanja yathu mu 1859. Augustine, mphunzitsi amene Akatolika ndi Achipresibiteriyani omwe amamulemekeza, anabadwira m'dziko limene lero ndi Algeria. Makolo athu nawo ankapembedza Chauta, Namalenga, Mphambe, ndipo omasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, dzina lakuti Mulungu analipeza konkuno. Nanga John Chilembwe, amene anaukira thangata mu 1915, sanali mbusa? Nanga kalata imene inagwedeza boma la chipani chimodzi mu Marichi 1992, sanalembe ndi maepiskopi? Buku lopusitsira anthu silingabale anthu otere.

Za kuuka kwa akufa

Apa sindikunamizani kuti ndili ndi umboni wonga wa masamu. Chimene ndili nacho ndi ichi. Zoti Yesu analiko ndipo anaphedwa, ngakhale osapemphera analemba. Tacitus, Mroma amene ankadana ndi akhristu, ananena kuti Khristu anaphedwa ndi Pontiyo Pilato, ndipo mu 1961 ku Caesarea kunafukulidwa mwala wolembedwa dzina la Pilatoyo. Paulo analemba 1 Akorinto 15 patangodutsa zaka pafupifupi 25 chimwalirire Yesu, n'kutchula anthu oposa 500 amene anamuona ali moyo, ambiri a iwo akadalipo nthawi imeneyo, oti munthu akanatha kukawafunsa. Oyamba kuona manda opanda kanthu anali amayi, m'dziko limene umboni wa mkazi unkapeputsidwa. Munthu wopeka bodza akanasankha mboni zina. Ndipo ophunzira amene anathawa usiku womugwira uja ndi omwewo anadzalolera zikwapu ndi ndende. Chinawasintha n'chiyani? Ndayesa mayankho ena onse, kuti mwina anaba mtembo, mwina anaona zideruderu, koma lililonse limandisiyira mafunso ochuluka kuposa kuvomereza kuti anamuonadi.

Chifukwa chimene Mulungu sanachiritsire mchemwali wanga, mpaka lero ndimamufunsabe ndikagwada.

Tsono chitani izi, achimwene. Werengani Marko, uli ndi mitu 16 yokha, mutu umodzi patsiku, mafunso anu muzilemba m'kope. Pezani mkulu wa mpingo kapena mbusa amene sakwiya akafunsidwa. Kumene angakuuzeni kuti mulipire kaye kapena musiye mankhwala, tulukani. Mukafika mutu 9 vesi 24 muimepo pang'ono: pali bambo wa mwana wodwala amene akuuza Yesu kuti akukhulupirira, n'kupempha pomwepo kuti amuthandize pa kusakhulupirira kwake. Yesu sanamukalipire, anachiritsa mwanayo. Mukamaliza mundilemberenso, ndi mafunso onse a m'kopemo.