Funsani Dokotala: Mwana wanga wakula koma amangokhala pakhonde

Adokotala, ndili ndi mnyamata wa zaka 16. Ali ndi zaka 3 anadwala malungo aakulu mpaka kukomoka, ndipo chichirireni mutu wake sugwira zinthu msanga. Anabwereza Sitandade 3 kangapo mpaka tinamusiyitsa. Panopa amangokhala pakhonde tsiku lonse chifukwa bambo ake safuna kuti azituluka, akuti anzake amamuseka. Nanga ife tikadzapita adzakhala bwanji? Mayi wa nkhawa, Chilomoni.

Zikomo mayi. Malungo akafika ku ubongo, ana ena amachira koma amatsala ndi vuto loiwala msanga, kuchedwa kumvetsa zinthu, mwina khunyu kapena kusamva bwino. Zimachitikanso kwa mwana amene anabanika pobadwa, amene anadwala matenda oumitsa khosi, kapena amene anali ndi chikasu chambiri ali wakhanda. Sanalodzedwe, komanso si misala. Jekeseni wobwezeretsa zimene zinawonongeka kulibe, koma mwana wotere amaphunzira ndithu. Amafuna kubwerezabwereza, ndiponso amafuna kuphunzirira pamalo penipeni pamene ntchitoyo imachitikira. Kugula sopo sangakuphunzire ali pakhonde.

Poyamba mupite naye kuchipatala akamuyeze makutu ndi maso. Ana ambiri amatchedwa osamva zonena pamene vuto lili m'khutu momwemo.

Kenako sankhani ntchito imodzi yokha, muiyambire kumapeto. Tinene kuchapa malaya. Inu munyike, mupake sopo, mufikise, mutsukuluze, iye angoyanika. Akazolowera, azitsukuluza ndi kuyanika. Kenako afikise yekha. Ubwino wake ndi wakuti nthawi zonse womaliza ntchitoyo amakhala iyeyo, ndiye amaona kuti wakwanitsa. Mawu akhale ochepa, manja anu aonetse. Ndipo malaya akatsala ndi litsiro pakolala musawalande n'kuchapanso iye akuona, apo ndiye ambiri timalakwitsa.

Ku golosale muchitenso chimodzimodzi. Muyambe mwakambirana ndi wogulitsa amene mumamudziwa. Masiku oyamba mupite limodzi, ndalama agwire iyeyo. Kenako azinena yekha chimene akufuna, inu mutangoima chete pambali, ngakhale atachita chibwibwi ndipo pamzere pali anthu. Zikayenda, muzitsalira kumbuyo pang'ono, kenako pamphambano, mpaka tsiku loti mumutume muli pakhomo. Muzimupatsa ndalama yokwanira ndendende kuti za chenji zibwere pambuyo. Musamuphunzitse kuzindikira ndalama poyang'ana nkhope, chifukwa Chilembwe ali pa K500 komanso pa K2,000, Kamuzu ali pa K1,000 komanso pa K5,000. Aziyang'ana mtundu wa pepalalo ndi manambala. M'thumba mwake muzikhala kapepala ka dzina lake ndi nambala yanu ya foni.

Bambo akewo musawaweruze, mantha awo ndi omveka. Kungoti anthu amaseka kwambiri munthu amene samudziwa. Mnyamata amene amakonza mabenchi kutchalitchi kapena kusesa kumzikiti, amene amaimba kwaya, amene amathirira dimba la amalume ake, anthu amayamba kumuitana ndi dzina, ndipo tsiku limene sanabwere amafunsa. Anthu omwewo ndi amene adzamuyang'anire inu kulibe. Muchenjere ndi chinthu chimodzi: pali ena amene amatuma achinyamata otere kutunga madzi tsiku lonse n'kuwalipira nsima yotsala. Ganyu ndi ganyu, mtengo mugwirizane inuyo pasadakhale ndipo ndalamayo ifike m'manja mwake.

Sukulu sinatsekeke. Masukulu ena a pulayimale ali ndi chipinda chapadera chokhala ndi aphunzitsi amene anachita maphunziro a ana olumala ku Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. Funsani mphunzitsi wamkulu kapena a PEA, mlangizi wa masukulu a pulayimale m'dera lanu, kuti chapafupi chili kuti. Mupitenso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kwa DC mukamulembetse. Bungwe la boma limene tinkalidziwa kuti MACOHA tsopano ndi MACODA, kutsatira lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024, ndipo limaphunzitsa ntchito zamanja. Pali PODCAM, bungwe la makolo a ana olumala, kumene mungapeze amayi anzanu amene anadutsa njira imeneyi. Kumpoto a bungwe la St John of God ku Mzuzu akhala akugwira ntchito ndi ana ndi achinyamata otere kwa zaka zambiri. Ndisakunamizeni, malo ndi ochepa ndipo ambiri ali m'matauni. Lembetsani, koma za malaya ndi golosale zija muyambe sabata ino.

Adokotala, ndikulera mwana wa malemu mchemwali wanga, mtsikana wa zaka 15 amene anabadwa ndi Down syndrome, ulumali wochedwetsa kukula ndi kumvetsa zinthu. Watha msinkhu chaka chino. Achibale akuti tikamutseketse kuchipatala kuti asadzatenge mimba, komanso asiye kupita ku gulu la achinyamata kutchalitchi. Mayi aang'ono, Kasungu.

Za kutseka ndikukana. N'zosabwezeka, thupilo ndi lake, ndipo sizimuteteza kwa wogwirira, ku HIV kapena ku matenda ena opatsirana pogonana. Zimangobisa umboni.

Chomuteteza ndi kudziwa. Muphunzitseni mayina enieni a ziwalo zake, popanda zining'a zimene timagwiritsa ntchito polangiza anamwali, chifukwa iye amamva mawu monga momwe anenedwera. Adziwe kuti malo obisika sagwiridwa ndi wina aliyense, kaya ndi wachibale, mphunzitsi kapena mkulu wampingo, ndipo kuti munthu akamupatsa switi kapena ndalama n'kumuuza kuti asaulule, abwere adzanene. Muyesezere limodzi ngati sewero: inu mukhale munthu womukopa, iye akuwe kuti "ayi" n'kuthawa. Kumbukiraninso kuti ogwirira ambiri ndi anthu odziwika pakhomo, ndiye kumutsekera m'nyumba n'kumusiya yekha inu muli kumunda si chitetezo. Ku gululo apitirize, koma azipita ndi kubwera ndi mtsikana mnzake wodalirika.

Za kumwezi, muonetseni kuvala ndi kusintha pad kapena nyanda masiku amene sakusamba, kuti tsikulo lisamudzidzimutse. Muzichonga limodzi pa kalendala.

Zikachitika kuti wina wamugwirira, musamusambitse ndipo musakambirane zachibale. Thamangirani naye kuchipatala asanathe maola 72 kuti alandire PEP, mankhwala oteteza ku HIV, komanso mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi. Nenani ku Victim Support Unit kupolisi kapena imbani 116, nambala yaulere ya ana.

Popeza ali ndi Down syndrome, pemphani adokotala amuyeze mtima, makutu, maso ndi chithokomiro. Chithokomiro chikafooka mwana amanenepa, amagonagona, ndipo anthu amangoti ndi ulesi, pamene mankhwala ake alipo.

Adokotala, mng'ono wanga wa zaka 14 ndi wochedwa kumvetsa zinthu ndipo amagwa khunyu. Amakonda mpira. Tizimulola? Achimwene ake, Mangochi.

Muloleni, bola azimwa mankhwala ake tsiku lililonse osadumphitsa. Mpira suyambitsa khunyu kwa ambiri; chimene chimawagwetsa kawirikawiri ndi kuiwala mankhwala, kusagona mokwanira ndi kutentha thupi. Fufuzani za Special Olympics Malawi, imene imakonza masewera a anthu a ulumali wa mu ubongo, ndipo m'matimu ena amasewera pamodzi ndi anzawo opanda ulumali.

Anzake osewera nawo muwauze chochita akagwa: achotse miyala ndi zinthu pafupi, amutsamiritse mutu pa chofewa, kugwedezeka kukatha amugoneke chammbali, ndipo asamuike supuni kapena chala m'kamwa. Thovu lake silipatsira munthu matenda. Kugwedezeka kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwereza asanatsitsimuke, mutengereni kuchipatala msanga. Poti muli kunyanja, choopsa kwa iye ndi madzi: asamasambe m'nyanja kapena kukwera bwato yekha, ndipo pamoto pazikhala munthu wamkulu.