Mafunso a Owerenga: Kodi wogona m'manda achilendo adzauka?

Pasaka itangodutsa tinalandira makalata ambiri, ndipo mwezi uno tasankhapo atatu ochokera kwa abale athu okhala muno mu Harare. Mayina tawasunga monga mmene eni ake anapemphera.

FUNSO: Abusa, amuna anga anatisiya chaka chatha atadwala nthawi yaitali. Iwo anabadwira ku Dedza ndipo anabwera kuno ali mnyamata, koma nthawi zonse ankanena kuti tsiku lawo likadzakwana tidzawatengere kumudzi akagone pafupi ndi makolo awo. Tsikulo litafika ndalama zonse zinali zitathera ku mankhwala, choncho tinawaika ku Mbudzi. Alamu anga akumudzi akuti ndinataya m'bale wawo kutchire, ndipo akuti mzimu wake sudzapuma. Pa Pasaka mpingo wonse unkaimba kuti Ambuye auka, koma ine mawu sankatuluka, ndinkangolira. Kodi amuna angawa adzauka, chikhalirecho agona kwa eni? Nanga kulira kwangaku n'kuchepa kwa chikhulupiriro? (Mayi wamasiye, Mufakose)

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri ndi zovuta zimene zinakugwerani. Ndiyankhe mosazungulira kuti amuna anu adzauka, pakuti Ambuye Yesu ananena pa Yohane 5:28-29 kuti ikudza nthawi imene onse ali m'manda adzamva mawu ake ndi kutulukamo, ndipo manda a ku Granville, amene tonse timawatchula kuti ku Mbudzi, sali kutali ndi mawu amenewo kuposa manda a ku Dedza.

Sindikupeputsa khumbo la malemuwo. Akuluakulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka, ndipo Malembo nawonso amalemekeza mtima wofuna kukagona kwanu. Yosefe ali pafupi kumwalira ku Ejipito analumbiritsa abale ake kuti adzatenge mafupa ake, Mose anawanyamuladi potuluka m'dzikomo, ndipo ana a Israyeli anakawaika ku Sekemu monga tiwerenga pa Yoswa 24:32. Koma taganizani kuti mafupawo anakhala m'bokosi ku Ejipito mibadwo ingapo, ndipo palibe pamene panalembedwa kuti nthawi yonseyo Yosefe anali wotayika kapena woyendayenda. Sara atamwalira ku Hebroni, Abrahamu sanamunyamule kubwerera naye ku Harana kumene kunali abale awo. Iye anaima pamaso pa Ahiti, nadzitchula yekha kuti ndi mlendo pakati pawo, ndipo anagula munda wa Makipela ndi masekeli asiliva 400 kuti aikemo mkazi wake. Zimene inu munachita ku Mbudzi, Mayi, n'zimene Abrahamu anachita pa Genesis 23. Mose naye anaikidwa m'dziko la Mowabu, manda ake osadziwika ndi munthu aliyense, komabe ophunzira atatu anamuona paphiri akulankhula ndi Yesu.

Koposa zonsezi, lingalirani za maliro a Ambuye mwini wake. Kwawo kunali ku Nazarete m'Galileya, koma anafera ku Yerusalemu, ndipo anaikidwa mofulumira dzuwa lisanalowe chifukwa Sabata linali pafupi, m'manda amene sanali ake kapena a banja lake, koma a Yosefe wa ku Arimateya. Amayi amene anamutsatira kuchokera ku Galileya sanapeze ngakhale mpata womudzoza monga mmene mitima yawo inkafunira, n'chifukwa chake analawirira kumandako tsiku loyamba la sabata atanyamula zonunkhira. Anali maliro a mlendo, ochitika mothamanga ndiponso osakwanira m'maso mwa omukonda, ndipo ndi m'manda obwereka omwewo mmene imfa inagonjetsedwera. Ine ndimaona kuti ife amene makolo athu anabwera kuno wapansi kapena kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ambiri n'kutchona mpaka kugona kuno, tiyenera kuigwiritsitsa mfundo imeneyi kuposa wina aliyense.

Palinso ena amene alibe ngakhale manda oti n'kulozapo. Namondwe wa Idai atakantha Chimanimani mu Marichi 2019, anthu ambiri anakokoloka ndi madzi osapezekanso, ndipo zomwezo zinachitika kwathu mu Marichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Kukanakhala kuti kuuka kumadalira malo ogona, mabanja amenewo akanakhala opanda chiyembekezo, koma Chivumbulutso 20:13 chimanena kuti nyanja nayonso idzapereka akufa amene ali mmenemo.

Za mzimu wosapuma, kumbukirani wachifwamba uja amene anapachikidwa pamodzi ndi Yesu. Sitiwerenga paliponse kuti abale ake anamuika mwaulemu, koma anauzidwa kuti tsiku lomwelo adzakhala ndi Ambuye m'Paradaiso. Munthu wofera mwa Khristu amapuma chifukwa cha amene wamulandira, ndipo kusowa kwa ndalama za galimoto sikungamulande mpumulo umenewo.

Alamu anuwo musawayese adani. Mawu awo ndi opweteka ndipo sindikugwirizana nawo, koma kumbuyo kwa mawuwo kuli chisoni cha anthu amene sanaone nkhope ya m'bale wawo kotsiriza ndipo sanathire dothi pamanda ake. Ndikulangizani kuti nkhaniyi musaisenze nokha pa foni. Pemphani ankhoswe a banja lanu, kapena mkulu wa mpingo ngati ankhoswewo kulibenso, kuti afotokozere akumudzi mmene matenda anayendera ndi mmene ndalama zinathera, komanso kuti kunyamula thupi kudutsa pa Nyamapanda ndi ku Tete mpaka kukalowa m'Malawi kumafuna galimoto, kukonza thupi ndi zikalata zoti zivomerezedwe m'malire a mayiko atatu. Atumizireni chithunzi cha manda. Nthawi yoika chiliza ikadzakwana, yesetsani kusonkha ndalama ya basi kuti mmodzi wa iwo adzabwere kudzaona pamene m'bale wawo anagona, chifukwa kubweretsa munthu mmodzi wamoyo n'kotheka ngakhale kwa banja losauka.

Kunena za misozi yanu, imeneyo si tchimo. Yesu analira pamanda a Lazaro akudziwa bwino lomwe kuti posachedwa amuukitsa. Stefano ataphedwa, anthu opembedza anamuika ndi kumulira maliro aakulu. Mmawa wa Pasaka yoyamba Mariya wa Magadala anali chiimire kumanda akulira, ndipo Ambuye woukayo anayamba kuonekera kwa iyeyo, namuitana ndi dzina lake. Paulo pa 1 Atesalonika 4:13 sanaletse kulira, iye analetsa kulira konga kwa anthu opanda chiyembekezo. Ndimadandaula ndikamva alaliki ena pasiwa akukalipira anamfedwa kuti asalire, ngati kuti chikhulupiriro chimayesedwa ndi kuuma kwa maso. Pitanibe kutchalitchi ngakhale nyimbo isakutuluka, ena aimbe inu mukumvetsera. Koma ngati miyezi ikupita tulo osabwera, chakudya osalowa, maganizo akungozungulira pamodzimodzi, kaonaneni ndi achipatala. M'makiliniki ambiri a muno mumzinda muli agogo ophunzitsidwa a Friendship Bench, ntchito imene inayambira ku Mbare, amene amakhala pansi ndi munthu kumvetsera nkhawa zake, ndipo kupita kwa iwo sikutsutsana ndi pemphero.

FUNSO: Abusa, anzanga kusukulu amati nkhani ya kuuka kwa Yesu inapekedwa patapita zaka mazana ambiri. Ndiwayankhe chiyani? (Wophunzira wa Fomu 6, Highfield)

YANKHO: Mwana wanga, werenga 1 Akorinto 15:3-8. Akatswiri a mbiri, okhulupirira ndi osakhulupirira omwe, amavomereza kuti kalatayi analemba ndi Paulo cha m'ma 54 kapena 55, patangopita zaka pafupifupi 25 Yesu atapachikidwa, ndipo Paulo akunena kuti zimene akulembazo anachita kulandira kwa amene anamutsogolera. Akutchula amene anaona Yesu atauka: Kefa (ndiye Petro), khumi ndi awiriwo, abale oposa 500 amene ambiri a iwo anali akadali ndi moyo, komanso Yakobo, m'bale wa Ambuye, yemwe poyamba sankakhulupirira koma pambuyo pake anatsogolera mpingo wa ku Yerusalemu. Mabuku onse anayi a Uthenga Wabwino amagwirizana kuti oyamba kupeza manda apululu anali amayi, pa nthawi imene umboni wa mayi unkapeputsidwa, ndipo munthu wopeka nkhani kuti anthu aikhulupirire sakanasankha mboni zotere. Izi sizikakamiza munthu kukhulupirira, koma zikukwanira kuonetsa kuti mawu akuti zaka mazana ambiri ndi olakwa. Uwayankhe modekha, ndipo uwapemphe kuti awerenge okha ndimeyo.

FUNSO: Abusa, ndinamaliza maphunziro a ukachenjede koma ntchito sindinaipeze, ndimagulitsa zovala zakaunjika m'tauni uku ndikuthawa apolisi a khonsolo. Bambo anga anagwira ntchito moyo wawo wonse, penshoni yawo n'kusanduka mapepala. Mlaliki wina akuti ndikafesa mbewu ya ndalama, mphamvu ya kuuka idzaukitsa chuma changa. Ena akuti chiyembekezo cha kuuka ndi mankhwala ogonetsa osauka. Ndani akunena zoona? (Mnyamata wotopa, Epworth)

YANKHO: Achimwene, kutopa kwanu kuli ndi chifukwa, ndipo sindikuuzani kuti mukungodandaula. Tonse tikukumbukira chaka cha 2008, pamene mitengo inkasintha munthu ali pamzere, mpaka mu Januwale 2009 banki yaikulu inatulutsa pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Anthu amene anayambanso kusunga ndalama zitatha izo anaonanso zosunga zawo zikufota mu 2019. Kwa ife a mtundu wa ku Malawi mtolo unali wolemera koposa, chifukwa pamene nyumba zinkagumulidwa pa Murambatsvina mu 2005 anthu n'kumauzidwa kuti abwerere kumidzi, ambiri a ife tinalibe mudzi m'dziko muno woti n'kupitako, ndipo ambiri obadwira konkuno ankayenda ndi zitupa zowatchula kuti alendo kufikira malamulo aakulu a 2013 atawazindikira kuti ndi nzika.

Mlaliki wa mbewuyo musamupatse ndalama yanu ya mpamba. Simoni wa ku Samariya anayesa kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, ndipo yankho limene Petro anamupatsa pa Machitidwe 8:20 ndi lowawa. Paulo, amene anaona Ambuye woukayo ndi maso ake, analemba pa 1 Akorinto 4:11 kuti iye ndi anzake anali ndi njala ndi ludzu, ausiwa ndiponso opanda pokhala penipeni. Kuuka kwa Yesu kukanakhala njira yolemerera, atumwi akanayamba ndiwo kulemera. Kupereka kwa Mulungu n'kwabwino, koma kumachokera m'kuthokoza, ndipo amene akukulonjezani phindu la masabata angapo akugulitsa chinthu chimene si chake.

Enawonso akulakwa, ngakhale ndikumvetsa chimene chinawafikitsa pamenepo, pakuti alipo alaliki amene amauza wanjala kuti adzadya kumwamba kenako iwo n'kupita kukadya kwawo. Chikhristu chimaphunzitsa kuuka kwa thupi, ndipo Mulungu amene adzaukitse thupi sangakhale wosalabadira mimba ya thupi lomwelo. Yesu atauka anakumana ndi asodzi amene anachezera usiku wonse osapha kanthu, ndipo anawakonzera nsomba ndi mkate pamakala asanayambe kulankhula ndi Petro za ntchito. Machitidwe 4:33-34 amanena kuti atumwi ankachitira umboni za kuuka kwa Ambuye ndi mphamvu yaikulu, ndipo mawu otsatira pomwepo ndi akuti panalibe wosowa pakati pawo. Paulo atatha kufotokoza za kuuka m'mutu wonse wa 15 wa 1 Akorinto, anauza Akorinto kuti achilimike pa ntchito popeza kuvutika kwawo sikuli chabe, ndipo mutu wa 16 akuuyamba ndi chopereka chothandiza osauka a ku Yerusalemu, kuti aliyense aziika kenakake padera tsiku loyamba la sabata. Kalata yoyamba ya Petro, imene imanena za chiyembekezo chamoyo chodzera m'kuuka kwa Yesu Khristu, inalembedwera alendo obalalika ku Ponto, Galatiya, Kapadokiya, Asiya ndi Bituniya, anthu amene ankadziwa kuwawa kokhala kwa eni.

Makolo athu anazimvetsa izi. Atafika ku Salisbury (dzina lakale la Harare) opanda abale, anayambitsa mabungwe a maliro kuti mnzawo asaikidwe ngati wopanda mwini, ndipo anasonkhana m'mapemphero a m'chinenero chawo, amene anakula mpaka kukhala Sinodi ya Harare ya mpingo wa CCAP. Sindingakulonjezeni kuti ntchito ya muofesi ipezeka chaka chino. Chimene ndingakupempheni n'chakuti ndalama imene mumafuna kufesa ija muionjezere pa mpamba wanu, mupeze anzanu odalirika a mumpingo oti muzichita nawo chipereganyu, ndipo mufunse ku khonsolo za malo ovomerezeka ogulitsirapo kuti katundu wanu asamalandidwe. Akulu a mpingo wanu muwafunsenso poyera pa msonkhano kuti pa zopereka za mwezi ndi mwezi, ndi zingati zimene zimafika kwa amasiye ndi kwa achinyamata osowa ntchito, ndipo ngati palibe thumba lotero, mupemphe kuti likhazikitsidwe.