Ndadula bridge, chorus yayamba kukwawa, walakwa ndani?

Achimwene ena anditumizira imelo, akuti nyimbo yawo imayamba pa tempo (liwiro la nyimbo) ya 90 BPM (ma beat 90 pa mphindi), pa bar 33 poyambira bridge (gawo lolowera ku chorus yomaliza) nkukwera kufika 100, chorus yomaliza nkupitilira pa 100 pomwepo. Atadula bridge yonse, bar 33 mpaka 40, chorus yayamba kukwawa, mawu ndi ma drum sizikugwirizananso. Akufunsa ngati alakwitsa iwo kapena ndi pulogalamu yawo yojambulira nyimbo.

Achimwene, marker (chizindikiro chouza pulogalamu tempo yatsopano) ya 100 ija inali mkati mwa gawo mwadulalo ndiye yapitira limodzi, chorus yangotola tempo yomwe yaipeza kumbuyo, 90. Ma drum a MIDI (manotsi omwe kompyuta imaliza yokha) amamvera tempo, angochepetsa liwiro, koma mawu munajambula pa 100 aja ndi audio, ngati simunawaike pa stretch (yowatambasula kuti azitsata tempo) sasintha ayi. Bar imodzi ya 4/4 (ma beat anayi) pa 100 ndi masekondi 2.4, pa 90 ndi pafupifupi 2.67, pakatha ma bar 8 oyimba atsogola ndi masekondi awiri ndi kena, nde zija mukumva ngati kwaya yamuthawa wang'oma.

Kwa ine pulogalamu yabwino siyenera kukupangitsani zimenezi. Munthu akadula gawo akufuna zakutsogolo zisunthe basi, zimveke momwe zimamvekera kale, ndiye pulogalamuyo iziona tempo yomwe inalipo kumapeto kwa malo odulidwawo nkuika marker yatsopano polumikizira penipeni. Povuta mpamene tempo imakwera pang'onopang'ono inu nkudula pakati, apo iziika mfundo ziwiri za tempo, ina yotseka mbali ya kumanzere pa liwiro lake, ina yoyambira kumanja, osati kukoka mzere watsopano kuchoka ku verse mpaka uko, zimenezo zimaononga ndi malo omwe simunawakhudze nkomwe. Kungofufuta ma clip (tizidutswa ta nyimbo) malo nkusiya opanda kanthu ndi nkhani ina, pamenepo tempo isakhudzidwe.

Pakadali pano dzitetezeni nokha. Pangani undo, pitani pa bar 41, ikani marker ya 100 ndi manja ngakhale ikuoneka yobwereza, kenako dulani ndi lamulo lochotsa nthawi, Delete Time mu Ableton ndi Cubase, Cut Time mu Pro Tools. Ogwiritsa ntchito pulogalamu ya FL Studio, ndikudziwa mulipo ambiri kuno, tempo yanu imakhala mu automation clip (clip yosintha tempo yokha) pa playlist, iduleni pa bar 41 kaye nayonso. Ndipo sevani kope ina musanagwire chilichonse, kasitomala mawa anena kuti bridge ija ibwerere.