Filimu ya Roger Moore ndi Tony Curtis ija inathera m'malere bwanji?

Sabata ino wina wandilembera imelo. Akuti: "Ndapeza filimu yakale, Mission: Monte Carlo. Nditafika pakati nkhani yasintha, anthu ena angosowa, kumapeto kwangoti zii. Kodi yanga ndi yoduka?"

Achimwene, yanuyo ili bwinobwino, musaitaye. Chimene mwaoneracho ndi zigawo ziwiri za sewero la pa kanema la ku Britain, The Persuaders!, zimene anazisoka pamodzi n'kumazigulitsa ngati filimu. Pamene nkhani yatembenukirapo ndiye pamsoko. Chigawo chilichonse chinali ndi mlandu wakewake, n'chifukwa chake anthu oyamba aja sakubweranso.

Seweroli linaonetsedwa mu 1971 ndi 1972, zigawo 24 basi. Moore akusewera ngati Lord Brett Sinclair, wobadwira m'chuma, woyendera galimoto ya Aston Martin DBS. Curtis akusewera ngati Danny Wilde, wokulira m'makwalala a New York, yemwe analemera ndi bizinesi ya mafuta n'kumadzimva mu Ferrari Dino yofiira. Onse awiri ndalama mbwee, ntchito kumangosaka asungwana.

Chigawo choyamba cha seweroli, Overture, ndicho chimandiseketsa mpaka lero. Akuluakulu awiriwa, kugombe lakumwera kwa France, akukunthana m'bala chifukwa chosiyana maganizo pa maolivi oika m'chakumwa! Apo mpamene Judge Fulton, woweruza milandu wopuma pantchito, anawapana: musankhe masiku 90 m'ndende, kapena mundithandize kugwira zigawenga zimene zinapulumuka kukhoti.

Tsono mathero mukufunawo sanalembedwe n'komwe. Lew Grade wa kampani ya ITC, imene inapanga seweroli, anathirapo ndalama zambiri podalira msika wa ku America, koma pa kanema wa ABC wa kumeneko anthu sanalilabadire kwenikweni. Moore naye James Bond anali akumuitana, ndipo mu 1973 anatulukira mu Live and Let Die. Sewero linangoima chilili. Brett ndi Danny sanatsanzikane, palibe wakwatira, palibe wafa.

Chodabwitsa, ku Ulaya linali dilu. A ku France ankalitcha Amicalement vôtre. Ku Germany, Rainer Brandt pomasulira anathiramo nthabwala zake zimene m'Chingelezi munalibe, anthu n'kulikonda koposa.

Ineyo mafilimu osokawa sindiwakonda, amapha kukoma kwa nkhani. Sakani zigawo zenizenizo muyambire Overture, ndipo nyimbo yotsegulira ya John Barry ija musamaidumphe.