Kwa amayi aku Katete ofunsa za makobiri a agogo awo

Amayi, mwafunsa ngati makobiri omwe mwapeza m'chitini cha malemu agogo anu ali ndi mtengo, komanso ngati muyambe mwawakwecha kuti awale. Chonde chonde musakweche. Phulusa, mchenga, ndimu, Brasso, zonsezi zimasiya timizere tating'ono pa chitsulo, ndipo munthu wodziwa akangoyang'ana padzuwa amaona nthawi yomweyo kuti yakwechedwa, mtengo n'kugweratu. Kuda kuja kwa zaka zambiri ogula amakufuna, ndiye ngati pali dothi ingovikani m'madzi oyera, muumitse pokhudza ndi kansalu kofewa osapukuta mwamphamvu, basi.

Pa zithunzi mwaika zija ndaona mitundu iwiri. Zobowoka pakati zija, zolembedwa Rhodesia and Nyasaland, ndi za nthawi ya chitaganya, zinayamba kutuluka mu 1955, pomwe Chipata ankatchedwa Fort Jameson. Ya njovu ziwiri ndi peni, ya akadyamsonga ndi theka la peni. Zina zija za nkhope ya Kaunda ndi ma ngwee, omwe anabwera mu 1968 pomwe kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Ndikuuzeni zoona, zambiri mwa izi zinapangidwa zochuluka kwabasi ndipo zili m'nyumba zambiri kuno kum'mawa, moti ukale wake wokha siukweza mtengo. Chomwe chimakweza ndi kusowa kwa chaka chimenecho komanso mmene kobiri yasungikira.

Pamenepa ndiye pofunika maso. Tengani 10 ngwee ija ya chimanga, muigwire m'mbali osati pankhope, muyang'ane ngati maso a chimanga akuonekabe limodzilimodzi kapena anafufutika n'kukhala see. Mutembenuze muone tsitsi ndi khutu la Kaunda, malo okwera ndi omwe amayamba kutha. Pa 2 ngwee onani nthenga za chiwombankhanga. Zikatero onaninso m'mphepete ngati inamenyeka, kapena ngati pali zobiriwira zomwe zadya chitsulo, chifukwa yotere ogula ambiri amaikana ngakhale ikhale yakale bwanji. Yomwe sinayendepo m'manja mwa anthu, yowala mwa iyo yokha, imaposa kutali inzake ya chaka chomwecho yomwe inatha m'matumba.

Fufuzaninso pansi pa chitinicho ngati muli zolembedwa Southern Rhodesia, chifukwa zinkayendanso kuno. Tiki, susu, sheleni ndi zokulirapo za 1946 kubwerera m'mbuyo zili ndi siliva, pomwe kuyambira 1947 anasiya kuikamo, kupatula ya masheleni asanu yachikumbutso ya 1953. Zimenezo ngakhale zitatha bwanji siliva wake ali ndi mtengo ndithu, ndiye muziike padera.

Koma chomwe chikundidetsa nkhawa ndi ma komenti ena ndawawerenga apa, oti yobowoka ndi ya mamiliyoni, mwina muyese ndi maginito. Maginito amangokuuzani kuti mkati muli chitsulo wamba, siliva sagwidwa n'komwe. Ndipo wina akabwera ku inbox kuti ali ndi bwana wogula koma mutumize kaye ndalama pa foni ya kulembetsa kapena ya mayendedwe, ameneyo ndi wakuba, wogula weniweni salipiritsa wogulitsa. Anthu osauka akuberedwa motere ndipo zimandiwawa.

Kuti mudziwe mtengo weniweni lowani pa Numista, tsamba la pa intaneti la makobiri a m'maiko osiyanasiyana, mulembe dziko ndi chaka, muona kuti ndi chitsulo chanji ndipo nthawi zambiri zinapangidwa zingati. Pa eBay, msika wa pa intaneti, muziyang'ana zomwe zinagulidwa kale, osati mitengo yomwe anthu amangotchula. Posunga, iliyonse ikhale m'kaenvulopu kake ka pepala pamalo ouma, zisamakhulane m'chitini. Mujambulenso mbali zonse ziwiri masana, chaka chioneke bwino, muike pagulu pano kuti tizione imodziimodzi.