Bambo ali ndi zonse m'nyumba, nanga bwanji angoti zii?

Mayi wina wandilembera kalata yokhudza bambo ake a zaka 76. Anawatenga n'kuyamba kukhala nawo akazi awo atamwalira miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Chipinda ali nacho, chakudya sichisowa, mankhwala a kuthamanga kwa magazi akumwa, koma asiya kucheza, amagona masana, m'mbale amangotolamo pang'ono, ndipo zotuluka panja safuna kuzimva. Funso lake ndi lakuti: kodi ndi ukalamba chabe, ndingowasiya?

Ayi mayi, musawasiye. Mawu akuti "ndi ukalamba" amandiwawa, chifukwa timawatchula tikafuna kuleka kufufuza. Ukalamba umachedwetsa miyendo ndi kufooketsa maso, koma sutseka munthu pakamwa m'miyezi isanu ndi itatu. Bambo anu aferedwa kawiri. Anataya akazi awo, kenako anataya malo amene aliyense ankawadziwa dzina, kumene munthu wodutsa ankaima n'kuwafunsa mmene adzukira.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Kukhala kwaokha n'kowerengeka: pa sabata munthu amaonana ndi anthu angati, amayankhula nawo kangati. Kusungulumwa ndi kwa mumtima, ndi mpata umene ulipo pakati pa ubale umene munthu akuulakalaka ndi umene ali nawo. Agogo ena amagona okha m'nyumba koma sasungulumwa. Ena amasungulumwa pakati pa adzukulu asanu. Ana ali kusukulu, inu kuntchito, madzulo aliyense maso pa foni, ndipo mawu okha amene bambo amva tsiku lonse ndi akuti "mwamwa mankhwala?" Kumeneko n'kuwasamala, inde, koma macheza sanachitike.

Ndipo thupi limalipira. Mu 2010 Julianne Holt-Lunstad ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 148 wokhudza anthu oposa 300,000, napeza kuti amene anali ndi maubale olimba anali ndi mwayi wokhalabe ndi moyo wokwera ndi 50 peresenti poyerekeza ndi amene maubale awo anali ofooka. Kafukufuku wina wa mu 2016 anapeza kuti kusungulumwa ndi kukhala kwaokha kumayendera limodzi ndi chiopsezo cha matenda a mtima chokwera ndi 29 peresenti, ndi cha sitiroko chokwera ndi 32 peresenti. Lipoti la mu 2020 la National Academies, bungwe la akatswiri a sayansi ku America, linati okalamba okhala kwaokha ali ndi chiopsezo cha matenda oiwalaiwala chokwera ndi pafupifupi theka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linakhazikitsa komiti yapadera pa nkhaniyi mu 2023, ndipo lipoti lake la mu 2025 linagwirizanitsa kusungulumwa ndi imfa pafupifupi 871,000 pa chaka. Akale poti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ankanena chinthu chimene lero chikuoneka m'magazi ndi m'mitsempha.

Zimayenda bwanji? John Cacioppo wa ku yunivesite ya Chicago, amene anathera zaka zambiri akufufuza zimenezi, anaonetsa kuti ubongo wa munthu wosungulumwa umakhala tcheru ngati wa munthu amene akuyembekezera ngozi. Tulo timakhala todukizadukiza, mahomoni a nkhawa monga cortisol amakwera, magazi amathamanga. Palinso njira ina yosafuna ukatswiri kuimvetsa. Wodya yekha amadya pang'ono. Akadya pang'ono n'kumangokhala pampando, minofu ya m'ntchafu imasungunuka, kudzuka kumavuta, amagwa, ndipo akagwa kamodzi amaopa kutulukanso. Chopweteka kwambiri n'chakuti tcheru lija limamupangitsa kuona chipongwe pamene palibe. Mdzukulu akapanda kuyankha msanga, iye amati ndanyozedwa. Amayamba ukali kapena kudzitsekera, anthu amamutalikira, vuto n'kukula. Choncho bambo akamakana kutuluka musathamangire kunena kuti ndi makani.

Tsopano ndinene chimene mwina simuchikonda. Chikondi chathu ana nthawi zambiri chimalanda makolo ntchito. "Khalani pansi bambo, tichita ife." "Musavutike, atumidwa ana." Timanena ndi mtima wabwino, koma munthu amene wakhala zaka makumi asanu akudaliridwa akamva mawu amenewa tsiku ndi tsiku amamva kuti ntchito yake padziko yatha. Mu 1976 Ellen Langer ndi Judith Rodin anayesa zimenezi m'nyumba ina yosungira okalamba ku Connecticut. Gulu lina analipatsa duwa loti lizilisamalira lokha ndi ufulu wosankha zinthu zing'onozing'ono za tsiku. Gulu lina analiuza kuti ogwira ntchito aziwachitira zonse, ngakhale kuthirira duwalo. Patangopita masabata ochepa, a gulu loyamba anali osangalala ndi achangu kuposa enawo. Duwa limodzi ndi kaufulu kochepa basi! Ine ndimaima pamenepa osasuntha: munthu wokalamba amene palibe chimene chingawonongeke iye akapanda kudzuka m'mawa, sadzuka.

Onani zimene zinachitika ku Zimbabwe. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kuthandiza anthu ovutika maganizo, atakhala pa benchi panja pa chipatala ku Harare. Ntchitoyi, yotchedwa Friendship Bench, inayesedwa mwasayansi ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016: amene anacheza ndi alangizi a pa benchiwo anapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Anthu amene dziko limawayesa katundu woti asenzedwe ndi amene anasenza ena. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma moto uyenera kuwafikira kuti auzime.

Pa abambo pali chinanso. M'mabanja ambiri mkazi ndiye amagwira zingwe za ubale: amakumbukira wodwala, amaitana alendo, amakankha mwamuna kuti tiyeni tikaone uje. Akamwalira, zingwe zonse zimagwa tsiku limodzi, ndipo miyezi yoyambirira ya umasiye ndi imene thanzi la wotsalayo limakhala pangozi kwambiri. Abambo ambiri sacheza bwino mongoyang'anizana maso. Amamasuka manja akamagwira kanthu, kukonza mpando, kusewera masewera a patebulo. Ku Australia anazindikira zimenezi n'kuyambitsa ma Men's Sheds, malo amene abambo opuma ntchito amakapala matabwa limodzi, nkhani n'kumatuluka zokha. Adzukulu, ngakhale awakonde chotani, sangalowe m'malo mwa mnzawo wa msinkhu umodzi amene safunika kumufotokozera kuti kale zinkakhala bwanji.

Yambani ndi makutu

Musanawapezere gulu lililonse, fufuzani chimene chikuwatsekera m'chipinda, chifukwa nthawi zambiri chimakhala cha m'thupi ndipo amachita manyazi kuchinena. Choyamba ndi makutu. Kumva kukamatha, amayamba kuthawa ndi mawu opyapyala monga "s" ndi "f", moti munthu amamva kuti mukuyankhula koma osagwira mawu, makamaka pagulu. Akatopa n'kufunsa kuti "mwati?" amangokhala chete. Komiti ya akatswiri ya magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2024 inaika kusamva bwino pa zinthu 14 zosinthika zimene zimakweza chiopsezo cha matenda oiwalaiwala. Kuyesa n'kosavuta: imani kumbuyo kwawo mtunda wa mkono umodzi, atseke khutu limodzi ndi chala, inu mutulutse mpweya wonse n'kunong'ona manambala atatu, iwo abwereze. Chitani makutu onse awiri. Akalephera, apite akaonedwe. Nthawi zina ndi phula lokha ladzaza, ndipo alichotse a chipatala, osati kutokosa ndi kamtengo, chifukwa kumalikankhira mkati. Poyankhula nawo zimitsani wailesi, ayang'aneni kumaso pamalo owala, musakuwe, ndipo akapanda kumva sinthani mawu m'malo mobwereza omwewo mokweza.

Chachiwiri ndi mkodzo. Pa msinkhu umenewu prostate, kachiwalo kokhala pansi pa chikhodzodzo, imakula mwa abambo ambiri, mkodzo umabwera pafupipafupi kapena kudontha, ndipo munthu amakana ulendo poopa kunyozeka panjira. Mwana wamkazi sangauzidwe zimenezi. Pemphani wachibale wamwamuna kapena dokotala awafunse paokha. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amachulukitsa mkodzo, ena amabweretsa chizungulire podzuka, choncho tengani mabotolo onse kwa dokotala aone ngati nthawi yomwera kapena mlingo ungasinthe. Musawasiyitse nokha. Aonedwenso maso, poti ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndi mano, poti wovutika kutafuna amapewa kudya pamaso pa anthu.

Chisoni cha maliro chimabwera ngati mafunde, chimapita n'kubwera. Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposerapo palibe chimene chikuwasangalatsa, thupi likutha, tulo tasokonekera, amenewo akhoza kukhala matenda a maganizo ndipo amachizika. Mukamva mawu ngati "bola ndingowatsatira amayi anu", musawaseke kapena kuwadzudzula. Afunseni molunjika ngati akuganiza zodzivulaza, sungani mankhwala inuyo, ndipo pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo. Abambo okalamba ali m'gulu la anthu amene amadzipha kwambiri. Akasokonezeka mutu mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa, nakonso n'kothamangira, chifukwa nthawi zambiri pamakhala matenda ena monga a m'chikhodzodzo kapena chibayo.

Zotsalazo n'zazifupi. Khalani nawo pansi mulembe mayina asanu a anthu amene akuwasowa, mupeze manambala awo, muwasunge m'foni moti batani limodzi likwane. Ikani tsiku ndi ola lenileni, monga Lachitatu 4 koloko, chifukwa "muzibwera kudzawaona" sikubweretsa munthu. Chakudya chimodzi pa tsiku mudyere limodzi TV itazimitsidwa. Apatseni ntchito imodzi yeniyeni ya tsiku lililonse, kumvetsera mdzukulu akuwerenga kapena kuthirira mbewu, ndipo akaichita mosiyana ndi mmene mukanachitira musaibwereze. Gulu la anzawo, kaya la mapemphero, la masewera kapena la ntchito zamanja, asankhe okha, ndipo muwaperekeze maulendo atatu kapena anayi oyamba, poti ulendo woyamba pafupifupi aliyense amabwerako akuti sizinandisangalatse. Ngati kumene ankakhala n'kofikirika, apiteko kamodzi pa mwezi akagone masiku awiri. Pakatha masabata asanu ndi limodzi onani zinthu zitatu: mmene akudyera, maola amene akugona masana, ndi ngati ayamba okha kuyambitsa nkhani. Ngati zonse zitatu zili pomwepo, bwererani kwa dokotala mukanene zimene mwayesa kale.