Kabuku ka mpingo kakutha bandulo: mmene mungachepetsere PDF

Mayi wina wa ku Matawale, mlembi wa gulu la amayi kumpingo kwawo, wandilembera imelo. Akuti: "Timakonza kabuku ka nkhani za mpingo ka masamba 24 pa Microsoft Publisher. Tikakatumiza pa WhatsApp sikatseguka pa foni. Mnyamata wa pamalo ena osindikizira m'tauni muno anatipangira PDF, koma yafika 60 MB ndipo amayi akudandaula kuti ikutha bandulo. Komanso tsamba 24 lili pambali pa tsamba 1. Titani?"

Zikomo mayi. Zakuti fayilo ya Publisher sikutseguka pa foni zisakudabwitseni, chifukwa pulogalamuyi imangoyenda pa kompyuta za Windows. PDF ndiyo njira yake. Kampani ya Adobe inaitulutsa mu 1993 n'cholinga choti tsamba lizioneka chimodzimodzi paliponse pomwe latsegulidwa, ndipo kuyambira 2008 ndi muyezo wa ISO womwe aliyense ali ndi ufulu wougwiritsa ntchito. Mnyamatayo sanalakwitse kusankha PDF. Kungoti anakupatsani PDF ya makina osindikizira, pomwe inu mumafuna yowerengera pa foni.

Kulemerako si kwa mawu. Mawu a masamba 24 safika ngakhale 1 MB. Zikulemetsa ndi zithunzi. Chithunzi cha kwaya chojambulidwa ndi foni ya 12 megapixel chimakhala ndi timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Mukachikoka pangodya n'kuchichepetsa kuti chikwane masentimita 8 patsamba, chachepa m'maso mokha, timadontho tonse tija tikadali momwemo. Chonsecho pa masentimita 8 amenewo, timadontho tosakwana 500 ndi tokwanira kuti munthu aone bwino nkhope pa foni. Ena onsewo amayi a ku Jali ndi ku Thondwe akuwalipira ulele.

Ndiye tsegulani fayilo yanu mu Publisher, pitani pa File, kenako Export, musankhe Create PDF/XPS. Musathamangire kusunga. Dinani kaye Options, ndipo muona mndandanda: Minimum size, Standard, High quality printing ndi Commercial Press. Ziwiri zomalizazo ndi za osindikiza. Inu yambani ndi Standard, muone kukula kwake. Ikakhala yolemerabe tsikirani ku Minimum size, koma muitsegule pa foni n'kukulitsa chithunzi cha gulu. Ngati nkhope za amayi a mzere wakumbuyo zasanduka phala, bwererani ku Standard. Ine kabuku ka masamba oterewa ndimafuna kasapitirire 3 MB. Kumbukiraninso kuti Gmail simalola kumata fayilo yoposa 25 MB pa imelo, ndiye ya 60 MB ija ikanangopita ngati linki.

Za tsamba 24 kukhala pambali pa tsamba 1, kumeneko ndi kusanja kwa osindikiza. Mapepala akapindidwa pakati n'kumenyedwa sitepula, pepala lakunja limanyamula chikuto chakutsogolo ndi chakumbuyo, kuseri kwake kuli tsamba 2 ndi 23, lotsatira limanyamula tsamba 3 ndi 22, choncho mpaka pakati. Papepala zimalongosoka, pa foni ndi chisokonezo chokhachokha. Mu Options momwemo muli batani la Print Options. Sankhani One page per sheet, masamba atuluka limodzilimodzi motsatana. N'zabwinonso kwa owerenga, poti masamba awiri ogundizana pa kagalasi ka foni zilembo zake zimachepetsetsa.

Pali chizolowezi china chomwe ndimadana nacho kwambiri: kusindikiza kabuku papepala kenako n'kukajambula pa sikana kuti kakhale PDF. Tsamba lililonse limasanduka chithunzi chathunthu, fayilo imatupa, zilembo zimachita mbuu, ndipo munthu sangafufuze dzina lake pa mndandanda wa opereka. Ogwiritsa ntchito pulogalamu ya CorelDRAW nawonso amakonda kusandutsa mawu onse kukhala ma curves, kutanthauza zojambula chabe osati zilembo, asanatumize ntchito. Kwa osindikiza zili bwino, koma pa PDF yowerenga musalole, mawu akhale mawu. Ingoonetsetsani kuti mafonti (mitundu ya zilembo) alowa m'fayilomo, apo ayi foni ya wina idzasankha yake, mizere idzasuntha, ndipo ŵ wa mu Malaŵi akhoza kutuluka ngati kabokosi.

Ngati fayilo ya Publisher mulibe, mwangotsala ndi PDF yolemera ija, ilipo pulogalamu yaulere ya Ghostscript yomwe imatsitsa zithunzi kufika pa 150 dpi (timadontho 150 pa inchi iliyonse) mukasankha ebook, kapena 72 dpi mukasankha screen. Imafuna munthu wozolowera kulemba malamulo pa kompyuta, ndiye mupemphe wachinyamata wa pa UNIMA wa mumpingo mwanu akuthandizeni. Masamba a pa intaneti ochepetsa PDF amagwiranso ntchito, koma muyenera kukweza kaye 60 MB yonseyo ndi bandulo yanu, komanso ngati m'kabukumo muli manambala a foni a akhristu ndi ndalama zomwe apereka, ine sindingazikweze pa kompyuta ya munthu yemwe sindikumudziwa.

Chinthu china simunafunse koma chikukukhudzani. Microsoft inalengeza kuti isiya kusamalira Publisher mu Okotobala 2026. Timabuku tanu tonse takale tisandutseni PDF, lililonse kawiri: ina ya High quality printing yosunga pa fulashi, ina yopepuka yotumizira anthu. Pa ntchito zatsopano yesani Scribus kapena LibreOffice Draw, zonse ndi zaulere. Draw imatha kutsegula mafayilo a .pub, ngakhale nthawi zina imasuntha mabokosi a mawu ndiye pamafunika kukonzanso. Potulutsa PDF mu Draw, chongani pa Reduce image resolution musankhe 150 DPI.